Kodi ndingadule zigoba za zipolopolo kuti zikwane mfuti yakale ya malemu bambo?

Funso: "Ndine mlimi wa ku Chigumula. Malemu bambo anga adandisiyira mfuti ya machaka ya mipope iwiri, 12 bore, yopangidwa ku England. Mapepala ake ndidasinthitsa kupolisi ndipo laisensi ndimalipira chaka ndi chaka. Pansi pa mipope padalembedwa 2½, koma zipolopolo zomwe ndikupeza ndi za 70 mm zokhazokha. Mnzanga wina akuti ndisawombere zimenezo. Akuti nditole zigoba zowombera kale, ndizidule kuti zifupike, kenaka ndithiremo ndekha wonga ndi machaka monga akuchitira anthu akunja pa YouTube. Wonga akuti ndikhoza kukhuthula m'zipolopolo zatsopanozo. Anyani akundithera chimanga. Kodi zimenezi nzotheka, nanga zilibe ngozi?"

Yankho: Bambo, mwachita bwino kulemba musanagwire mpeni. Safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya mfuti phulalo limakhala chala kapena diso. Mtima ukhale pansi, kalembedwe ka 2½ kaja sikakutanthauza kuti mfuti yanu idatha ntchito. Mfuti zotere zilipo zambiri, zina zidabwera ndi eni maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje nthawi ya atsamunda, ndipo zosamalidwa bwino zikuwombabe mpaka lero. Mnzanuyo wanena zoona pokuletsani zipolopolo za 70 mm. Walakwitsa pa mankhwala omwe wakupatsani, chifukwa ndi oopsa kuposa matendawo.

Tiyambe ndi nambala zimenezi, pakuti ndi pomwe anthu ambiri amanamizikira. Nambala yolembedwa pa bokosi la zipolopolo, kaya ndi 65, 70, 76 kapena 89, si utali wa chipolopolo chomwe mwachinyamula m'manja. Ndi utali wa chigoba chikawombedwa, pakamwa pake patatambasuka. Chisanawombe chimakhala chachifupi ndi pafupifupi sentimita imodzi, chifukwa pakamwapo pamakhala popindikira m'kati kuti machaka asatayike. Mainchesi 2½ ndi 65 mm, mainchesi 2¾ ndi 70 mm, mainchesi 3 ndi 76 mm. Choncho 2½ ya pa mfuti yanu ikutanthauza kuti chemba yake, malo a kumbuyo kwa mpope momwe mumalowa chipolopolo, ndi ya 65 mm. Ndiye munthu amatenga cha 70 mm, n'kuchilowetsa m'chemba ya 65 mm, icho n'kulowa mosavuta, mfuti n'kutsekeka bwinobwino, iye basi wakhutira kuti chakwana. Chakwana chili chotseka. Funso ndi loti chikatseguka chipeza kuti malo.

Kutsogolo kwa chemba, mpope umayamba kuchepa pang'onopang'ono mpaka kufika pa kukula kwake kwenikweni, komwe pa 12 bore ndi pafupifupi 18.5 mm. Pa mfuti zakale malo ochepera amenewa amakhala aafupi kwambiri. Chigoba chikatalika kuposa chemba, milomo yake imakatambasukira pamalo opanikizikawo, ndiye machaka ndi wadi, kapulasitiki kapena kansalu kolimba kolekanitsa wonga ndi machaka, zimadutsa pakhomo lomwe lachepa. Mukatola chigoba chowombedwa m'mfuti yotere mudzaona pakamwa pake pali ponyotsokanyotsoka ngati padatafunidwa, nthawi zina kachidutswa ka pulasitiki katathothoka. Mfuti nayo imamenya paphewa kuposa masiku onse.

Sindikuopsezani kuti mukawomba kamodzi mfuti iphulika. Alipo ambiri omwe akhala akuwombera zotere osadziwa, ndipo manja awo ali onse. Mamilimita 5 amenewo paokha amakweza pulesha, koma osati kwambiri. Chondidetsa nkhawa ine ndi china: chipolopolo cha 70 mm cha masiku ano chidapangidwira mfuti za masiku ano. Chimatha kunyamula machaka a magalamu 32, 34 ngakhale 36, pamene mfuti zambiri za ku England za chemba yaifupi zidapangidwira machaka a magalamu 28 mpaka 32. Muyeso wa bungwe la CIP, loika malamulo oyesera mfuti ndi zipolopolo, lomwe mayiko ambiri a ku Ulaya amatsata, umalola chipolopolo wamba cha 12/70 kufika mabaa 740, pamene tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Mphamvu yonseyo imadzuka m'kuphethira kwa diso, m'chitsulo chomwe mwina chakhala zaka 80 kapena 90 chikudyedwa ndi dzimbiri mwakachetechete. Mfuti siidandaula tsiku loyamba. Imayamba kugwedera pomwe mipope imakumana ndi thupi lake, thabwa lakumbuyo n'kuyamba mng'alu, kenaka tsiku lina mpope n'kutupa.

Musanachite china chilichonse, tsegulani mfutiyo, muonetsetse kuti mulibe kanthu, chotsani kathabwa kogwirira kutsogolo, muzule mipope, muitembenuze. Pansi pake, pamalo ophwatalala pafupi ndi chemba, pali tizidindo tating'onoting'ono. Pukutani ndi kansalu ka mafuta, muyang'ane padzuwa kapena mujambule ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Ku England mfuti siigulitsidwa isanayesedwe ku imodzi mwa nyumba ziwiri zoyesera mfuti, ya ku London yomwe idayamba mu 1637, kapena ya ku Birmingham ya mu 1813. Utali wa chemba adayamba kuudinda potsatira malamulo a mu 1925, choncho yanuyo idapita koyesedwa chaka chimenecho kapena pambuyo pake. Funani mawu oti NITRO PROOF, kapena zilembo NP kaya BNP zokhala ndi kachizindikiro pamwamba. Zimenezi zimasonyeza kuti idayesedwa ndi wonga wamakono wosafuka utsi. Mukaona 1⅛ oz, amenewo ndi malire a machaka, magalamu 32. Za m'ma 1950 kupita mtsogolo zimalembedwa 3 TONS, muyeso wa pulesha m'malo mwa kulemera kwa machaka. Ngati zizindikiro za nitro palibe, kapena ngati chitsulo cha mipope chili ndi maluwamaluwa ozungulira ngati chidachita kulukidwa, chomwe timati Damascus, imani pomwepo. Mfuti imeneyo isalawe chipolopolo chilichonse cha m'sitolo mpaka wodziwa ataiona.

Tsopano za kudula zigoba. Zomwe mnzanuyo adaona pa YouTube si zabodza. Ku America kudzaza zipolopolo pakhomo ndi chizolowezi cha anthu ambiri, ndipo eni mfuti zakale amaduladi zigoba za 70 mm kuti zikhale za 65 mm. Koma kanema amakuonetsani mbali yosavuta yokha, mpeni ukudula pulasitiki, pakuti ndiyo yooneka bwino pa kamera. Chomwe sichioneka ndi buku lomwe lili pambali pa munthuyo. Makampani opanga wonga ali ndi malabotale momwe amayesera msakanizo uliwonse m'mpope wokhala ndi chida choyezera pulesha, ndipo amalemba kuti chigoba cha mtundu wakuti, kafataki kakuti, wonga wakuti wolemera mwakuti, wadi yakuti, machaka akuti. Lamulo la onse odzaza zipolopolo za machaka ndi limodzi: usasinthe kanthu ngakhale kamodzi pa mndandandawo. Kusintha kafataki kokha, kaja ka pakati pa thako la chigoba komwe kamayatsa wonga, kumatha kukweza pulesha kudumpha malire.

Kudula chigoba ndi kusintha zinthu zingapo nthawi imodzi. Mwachotsa malo, ndiye wonga, wadi ndi machaka zomwe zimakwana mu 70 mm sizingakwanenso. China chake chiyenera kuchepa, ndipo chochepacho sichisankhidwa mongoganizira. Mwadulanso mapindo akale a pakamwa, aja okhala ngati nyenyezi ya nsonga 6 kapena 8. Nchifukwa chake odula zigoba ambiri amatseka mwanjira yakale, kuika kapepala kolimba kozungulira pamwamba pa machaka n'kupindira milomo m'kati ndi chida chake. Katsekedweko sikokongoletsa ayi. Ndiko kamagwira machaka kwa kanthawi kochepetsetsa kuti wonga uyake bwino. Mukatseka mothina kwambiri pulesha imakwera. Mukatseka molekerera wonga supsa wonse, mfuti imangoti fuu, ndipo wadi imatha kutsalira m'kati mwa mpope.

Chachiwirichi ndiye chimavulaza anthu ambiri, chifukwa sichioneka choopsa. Munthu amangoti chipolopolo chinali chofooka, n'kuika china, n'kuwomba. Machaka akakumana ndi chotsekereza panjira, mpope umatupa kapena kung'ambika pomwepo, ndipo nthawi zambiri pamakhala cha pomwe pagwira dzanja lamanzere. M'ntchito yanga yokonza mfuti ndalandirapo mipope yotere. Wina udang'ambika m'litali, chitsulo chitapindikira kunja, ndipo mwini wake adaubweretsa dzanja lili m'bandeji, akuumirira kuti wonga adathira wochepa kwambiri moti sakumvetsa chidachitika. Amanena zoona, wonga udalidi wochepa, ndipo vuto lidali lomwelo.

Palinso nkhani ya zigoba zenizenizo. Kunja zimaoneka zofanana, koma m'kati zimasiyana. Za ku Ulaya monga Cheddite ndi Fiocchi zili ndi makoma owongoka, pamene zina za ku America monga Remington STS zimachepa cha kumunsi. Wonga womwewo umapereka pulesha yosiyana m'mitundu iwiriyi. Zambiri zilinso ndi kachotsekera kapadera pansi penipeni, ka pulasitiki kapena ka pepala. Chigoba chotoledwa kumunda, chomwe chawambidwa ndi dzuwa la Okutobala n'kunyowa ndi mvula ya Januwale, kachotsekera kameneka kamatha kusomphoka powomba n'kukakhala mumpope. Ndipo chovuta pa mfuti ya machaka nchoti siichenjeza. Pa mfuti yoponya chipolopolo chimodzi, osati machaka, wodziwa amatha kuona pa chigoba cha mkuwa kuti pulesha yayamba kupitirira. Pa ya machaka chigoba chimatha kutuluka chooneka bwinobwino pamene malire adadumphidwa kalekale.

Koma choopsa kwambiri m'malangizo a mnzanuwo ndi chokhuthula wonga m'zipolopolo zatsopano. Wonga wa kufakitale sulembedwa dzina pa bokosi, simungadziwe kuti ndi wa mtundu wanji kapena umayaka mwachangu bwanji. Wonse wa m'chipolopolo chimodzi sufika ngakhale magalamu 3, choncho kulakwitsa ndi kachigawo kochepa ka galamu ndi kulakwitsa kwakukulu. Sipuni ya tiyi kapena sikelo ya kukhitchini sizingayeze zimenezo. Nanga kafataki katsopano mukatenga kuti? Chigoba chowombera kale kafataki kake kadatha ntchito. Apa ndi pomwe anthu amayamba kubwereka nzeru za gogodela, ndipo amene adakhalako kumudzi akudziwa kuchuluka kwa alenje a gogodela omwe zala sizikwana. Ndi bwino kunenanso kuti machaka ndi mtovu. Kuwagwiragwira ndi kuwasungunula pakhomo pomwe pali ana ndi poizoni wolowa pang'onopang'ono, wowononga ubongo wa mwana popanda chizindikiro chooneka msanga.

Tisaiwale lamulo. Kuno kwathu nkhani za mfuti zili pansi pa Firearms Act, lamulo la mu 1967, ndipo amaliyendetsa ndi apolisi. Laisensi yomwe mumalipira chaka ndi chaka imakulolani kusunga mfuti imeneyo ndi kugula zipolopolo zake kwa wogulitsa wovomerezeka. Siikupatsani mphamvu zopanga zipolopolo. Munthu wa ku Texas yemwe akudzaza zigoba m'galaja mwake akutsata malamulo a kwawo, osati athu. Inu mutapezeka ndi mulu wa zigoba zodulidwa, wonga m'kabotolo ndi zida zotsekera, mudzavutika kufotokoza kuti mumangofuna kuthamangitsa anyani, ndipo mukhoza kutaya laisensi, mfuti ndi ufulu womwe. Ngati mukufuna kutsimikiza, pitani ku polisi ya Limbe kapena ya Blantyre, mufunse ofesi yoona za mfuti. Funsani musanagule chida chilichonse.

Ndiye muchite chiyani? Njira yomwe ine ndingakulangizeni ndi yosasangalatsa kuimva chifukwa imafuna kudikira, koma ndi yowongoka. Zipolopolo za 65 mm zikupangidwabe. Makampani a ku England monga Eley, Gamebore, Hull ndi Lyalvale Express amazipanga dala chifukwa cha mfuti ngati yanuyo, zambiri za magalamu 28 kapena 30. Zilipo zinanso zolembedwa 67 mm zomwe pa bokosi amanena poyera kuti nzoyenera chemba ya 65 mm. Mawu amenewo muziwawerenga ndi maso anu, osangomva za wogulitsa. Pitani kwa wogulitsa mfuti wokhala ndi chilolezo, mumuonetse laisensi ndi chithunzi cha zidindo chija, mumupemphe kuti akaphatikize mabokosi angapo pa oda yake yotsatira. Ndi mavuto a ndalama zakunja omwe tikuwadziwa tonsewa, mukhoza kudikira miyezi, ndipo mtengo wake udzaposa wa 70 mm. Koma bokosi limodzi limakhala ndi zipolopolo 25, ndipo mlimi sawomba ngati wa mpikisano. Mabokosi ochepa akhoza kukufikitsani kutali. Muzisunga m'bokosi lokhoma, pouma, osati pansi pa simenti. Zina mwa za 65 mm zimakhala za zigoba za pepala, ndipo chinyezi cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimazitupitsa mpaka kukana kulowa. Machaka akhale a mtovu. Achitsulo asalowe m'mfuti yakale, amakanda mpope ndi kutupitsa kukamwa kwake.

Musanawononge ndalama pa oda, mfutiyo ionedwe kaye ndi wokonza mfuti wovomerezeka. Adzayeza chemba ndi chida chake, pakuti nthawi zina timapeza kuti mwini wina wakale adaikulitsa kale osasintha chidindo. Adzayeza kukhuthala kwa makoma a mipope, adzasuzumira m'kati kuona ngati muli timaenje ta dzimbiri, adzaigwedeza kuona ngati ili yolimba pa mfundo. Kuyesa kumodzi mukhoza kuchita nokha: kolowekani mipope pa chala kapena pa chingwe, muigogode pang'ono ndi pensulo. Yabwino imalira mokoma, kulirako n'kumapitirira. Ikangoti phwa, ndiye kuti kachitsulo kolumikiza mipope iwiriyo kayamba kumatuka, ndipo dzimbiri likhoza kukhala likudya m'kati momwe diso silifika.

Wina adzakuuzani kuti angoiboola chemba ifike 70 mm, nkhani ithe. Ine sindivomera, makamaka kuno. Kutero ndi kupala chitsulo pamalo pomwe pulesha imakhala yochuluka kwambiri, ndipo mfuti za ku England adazipanga zopepuka dala, makoma ake alibe chitsulo chapadera choti n'kutayako. Ku England mfuti yokulitsidwa chemba imayenera kubwereranso koyesedwa isanagulitsidwe. Dziko lathu silili m'bungwe la CIP, ndiye woyesa woyamba adzakhala inuyo, nkhope ili pa thabwa. Ngati kuyeza kwasonyeza kuti mipope yatha, kapena zipolopolo za 65 mm zakanika kupezeka, ipumitseni mfuti ya bamboyo. Funsani apolisi za momwe mungaisungire mwalamulo ngati chikumbutso, ndipo pemphani chilolezo cha mfuti yamakono yotsika mtengo, monga Baikal ya mpope umodzi, yomwe chemba yake imalandira 70 mm popanda nkhawa. Chipolopolo chachifupi m'chemba yaitali chilibe vuto, choletsedwa ndi chachitali m'chemba yaifupi.

Za anyani ndinenepo pang'ono, ngakhale simudafunse. Laisensi ya mfuti si laisensi yophera nyama zakutchire. Lamulo la National Parks and Wildlife Act lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30. Kadziwitseni a nthambi yoona za nyama zakutchire za vuto lanulo, akuuzeni chololedwa. Kumbukiraninso kuti Chigumula ya lero si ya nthawi ya bambo anu, nyumba zayandikana ndi minda, ndipo ngakhale machaka ang'onoang'ono amatha kuuluka mamita oposa 200. Anyani nawo ndi ochenjera, amadziwa msanga kuti mwini mfuti wapita kutauni. Mlonda wokhala ndi agalu pa masabata omwe chimanga chikukhwima amapulumutsa zambiri kuposa kuwomba kwa apo ndi apo.

Ngati mudawomberapo kale za 70 mm m'mfutiyi musanalembe kalatayi, musachite manyazi kunena. Yendetsani zala pa mipope kuchokera ku chemba mpaka kukamwa, muli chitsinzinire, mumve ngati pali potukuka. Suzumirani m'kati moyang'ana kuwala, muone ngati pali mzere wakuda wozungulira ngati mphete. Onani ngati pali mng'alu pa thabwa kuseri kwa chitsulo, ngati mfuti yayamba kuvuta kutsegula ikawomba, kapena ngati mukaitseka pakuoneka kampata kowala pakati pa mipope ndi thupi. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikapezeka, musaiwombenso ngakhale ndi chipolopolo choyenera. Popita kwa wokonza, mfuti ikhale yopanda chipolopolo, yomasulidwa ndi yokulungidwa m'chikwama chake, laisensi ili m'thumba. Tenganinso bokosi la zipolopolo zomwe mwakhala mukugwiritsa ntchito ndi zigoba ziwiri kapena zitatu zowombedwa m'mfutiyo, kuti aone pakamwa pake.